MLENDO AKACHOKA, DZINA LAKE LIMATSALA NDI YANI?

Sabata yatha pa tsamba lino tidamperekeza munthu wa paulendo kuchokera kumudzi kufikira atatsika basi pa depoti ya Lilongwe. Lero tiyeni timtsatire mlendo yemweyo kufikira m'maŵa mwake, pamene wakoloŵeka chikwama pa pheŵa naima pa kauntala ya nyumba yogona alendo kuti alipire ndi kubweza kiyi. Ambiri a ife timayesa kuti kiyi ikabwezedwa, ndalama n'kuperekedwa, nkhani yathera pomwepo. Ine ndikuti nkhani siinathe ayi, pakuti mlendo amapita koma dzina lake, nambala yake ya lamya ndi mbiri ya ulendo wake zimatsala m'manja mwa anthu amene iye sadzaonana nawonso.

Chiyambire 1975, pamene Lilongwe adasanduka likulu la dziko lino, anthu akhala akukhamukira mu mzinda uno pa zifukwa zosiyanasiyana, ndipo oŵerengeka okha ndiwo angathe kugona m'mahotela akuluakulu. Mlimi wa fodya amene wabwera kudzaona malonda ake ku okushoni ya ku Kanengo amafuna pogona ku Area 25 kapena ku Mgona. Mayi amene akudikira wodwala ku chipatala cha Kamuzu Central kapena ku Bwaila amapeza kachipinda ku Kawale. Dalaivala amene galimoto lake lagona ku magalaja a ku Biwi amagona komweko. Wophunzira amene waitanidwa kudzayesedwa mafunso a ntchito, ngati mbale alibe, amafunsira malo ku Chinsapo kapena ku Area 23. Anthu onseŵa ndi achilendo mu mzinda, ambiri ali ndi ndalama za ulendo m'thumba, ndipo onse amalemba maina awo m'buku la alendo mosakayika konse.

Ndifotokoze zimene ndidaona ndi maso anga. Chaka chatha mnzanga wina, mphunzitsi wa pa sukulu ina ya kumudzi, adabwera ku msonkhano wa aphunzitsi nagona masiku atatu pa nyumba ina ya alendo ku Area 25. Tsiku lobwerera ndidapita kukamperekeza. Pa kauntala tidapeza mtsikana amene ndidamphunzitsapo ine mwini mu Fomu 4, mwana waulemu ndi wanzeru, ndipo adandilonjera mwansangala nati, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Pamene mnzangayo ankapisa m'thumba, maso anga adagwera pa buku lalikulu limene lidali chitsegukire patsogolo panga. Popanda kufuna ndidaŵerenga maina asanu ndi aŵiri, midzi yawo ndi mafumu awo, manambala a lamya, manambala a ziphaso za unzika, kumene achokera ndi kumene alinkupita. Pa benchi padakhala anyamata atatu, ndipo mmodzi wa iwo ankaseŵeretsa lamya ya m'manja yokhala ndi kamera.

Mtsikana uja adatchula dzina la mnzangayo mokweza, natchulanso nambala ya chipinda, masiku amene wagona, chakudya chimene wadya ndi ndalama zonse pamodzi. Mnzangayo atati alipira kudzera pa lamya, adamlozera nambala yolembedwa pa kachidutswa ka katoni kokhomedwa pa khoma, ndipo dzina limene lidatuluka lidali la munthu wamba, osati la nyumbayo. Atafunsa lisiti adauzidwa kuti buku la malisiti latha, bwana abweretsa lina madzulo. Basi inkachedwa, choncho tidanyamuka.

Patapita masiku anayi munthu wina adamuimbira lamya ali ku sukulu kwake. Adamtchula dzina lonse, adatchula chipinda chimene adagona, tsiku limene adachoka ndi ndalama zimene adayenera kulipira, osaphonya ngakhale tambala. Kenaka adati ndalamazo sizidafike, ndipo ngati satumizanso pa nambala ina tsiku lomwelo, nkhani ikafika kwa apolisi ndi kwa mphunzitsi wamkulu wa pa sukulupo. Munthu wopanda lisiti akadakana ndi umboni wanji? Poopa manyazi, adatumiza. Titapita kukafunsa, eni nyumbayo adadabwa kwambiri, pakuti ndalama zoyamba zija adazilandira bwino lomwe. Mlandu udasoŵa mwini. Buku lidali poyera, mawu adamveka kwa onse, ndipo aliyense wodutsa pa kauntala paja m'maŵa umenewo akadatha kukhala wakubayo.

Wina angafunse kuti, kodi buku la alendo layamba lero? Zoona, makolo athu ankalemba m'mabuku otere m'maresitihausi a makhonsolo popanda chovuta. Komatu nthaŵi imeneyo dzina lolembedwa m'buku lidali dzina chabe. Lero zinthu zidasintha. Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo nambala ya lamya idasanduka chikwama cha ndalama. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau lidalembera Amalaŵi oposa 9 miliyoni kuti alandire ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 boma lidalamula kuti nambala iriyonse ya lamya ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Tsono dzina, nambala ya chiphaso ndi nambala ya lamya zikakhala pa mzere umodzi, ndiye kuti makiyi atatu a moyo wa munthu amangidwa pa chingwe chimodzi. Akuba a pa lamya, amene tonse talandirapo mauthenga awo akuti "ndatumiza ndalama molakwika, bwezani," safuna china koma makiyi ameneŵa. Bodza limagwira munthu msanga likasakanizidwa ndi zoona pang'ono.

Pa nthaŵi yolipira pali mipata itatu imene mbala imaloŵerapo. Woyamba ndi pakamwa. Kutchula dzina ndi chipinda cha mlendo pagulu kumaoneka ngati kanthu kachabe, koma taganizani za mayi amene akuyenda yekha ndipo walipiriratu usiku wina, kapena mlimi amene wangotapa kumene ndalama za fodya ku banki. Onse okhala pa benchi adziŵa chitseko chimene munthuyo agone kuseri kwake usiku uno. Wachiŵiri ndi nambala yolipirirapo. Ndalama zikatumizidwa pa lamya ya wantchito, dzina ndi nambala ya mlendo zimatsala m'thumba la wantchitoyo, ndipo akachotsedwa ntchito maŵa amapita nazo. Wachitatu ndi lisiti. Lisiti ndiyo mboni yokhayo ya mlendo. Bungwe lotolera misonkho la MRA lidabweretsa makina otulutsa malisiti mu 2014 pofuna kuti msonkho wa VAT uzifika ku boma, koma phindu la lisiti kwa wogula ndi lalikulu kuposa pamenepo: limaonetsa chimene walipira, tsiku lake ndi amene walandira. Nyumba yaing'ono imene siitolera VAT ikhozabe kulemba lisiti ya pamanja yokhala ndi chidindo.

Tisayese kuti vutoli ndi la anthu osauka okha, kapena kuti kompyuta ndiyo mankhwala ake. M'mahotela akuluakulu mlendo amalipira ndi khadi la ku banki, ndipo khadi likangochoka pamaso pa mwini wake, nambala yake ndi manambala atatu a kumbuyo aja akhoza kujambulidwa m'kanthaŵi kochepa. Mahotela ena a kunja ali ndi chizoloŵezi choloŵetsa pepala la ngongole pansi pa chitseko usiku kuti mlendo asachedwe m'maŵa, ndipo pepalalo likatsakamira panja, wodutsa aliyense aŵerenga dzina ndi adiresi. Mu November 2018 kampani ya mahotela ya Marriott idaulula kuti akuba adakhala akuloŵa m'makompyuta a mahotela ake a Starwood kuyambira 2014 osadziŵika. Bungwe loona za chinsinsi cha anthu ku Britain lidati zolembedwa za alendo pafupifupi 339 miliyoni zidakhudzidwa, zina zokhala ndi manambala a mapasipoti ndi a makhadi, ndipo mu October 2020 lidalipiritsa kampaniyo chindapusa cha mapaundi 18.4 miliyoni. Ngati kampani yachuma chotere idagwa m'mbuna, ndiye kuti chofunika choyamba ndi khalidwe la osunga, makina akubwera pambuyo.

Ndikudziŵa kuti eni nyumba za alendo ali ndi mbali yawo, ndipo n'koyenera kuimva. Iwo amati buku limatiteteza: mlendo wina amathaŵa usiku osalipira, wina amanyamula bulangete, wina amadwala kapena kumwalira m'chipinda ndipo apolisi amafuna kudziŵa kuti ndani ndi kuti kwawo n'kuti. Zonsezi n'zoona, ndipo ine sindikunena kuti buku lithe. Ndikunena kuti buku litsekedwe. Mnansi akakuikiza thumba la chimanga, suliika pa mseu poti nkhokwe yako iribe denga labwino. Umalisunga monga lako mpaka mwini adzalitenge. Dzina la mlendo nalonso ndi katundu woikizidwa.

Ena amati munthu wobisa ulendo wake ndiye kuti ali ndi chimene akuchita mumdima. Maganizo ameneŵa ndi amene achititsa kuti anthu aulemu azichita manyazi kudandaula. Kodi mkazi amene wathaŵa nkhanza za mwamuna wake nabisala ku Kawale kudikira abale, walakwanji? Nanga munthu amene wabwera kudzalandira mankhwala a matenda amene safuna kuti a kwawo adziŵe? Tonse timatseka chitseko posamba, ndipo palibe amene amatiyesa mbala pa chifukwa chimenecho.

Malamulo a dziko lino ali ku mbali ya mlendo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko, amene adakhazikitsidwa mu 1994, limapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi. Mu June 2024 lamulo latsopano la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woliyang'anira. Mfundo zake n'zosavuta kumva: wotenga mbiri ya munthu aitenge pa chifukwa chodziŵika, asatenge zoposa zimene zikufunika, aisunge motetezeka, ndipo asaisunge nthaŵi yaitali kuposa mmene ntchito yake ifunira. Mwini mbiri ali ndi ufulu wofunsa zimene zalembedwa za iye ndi kukonzetsa zolakwika. Pa za malipiro osamveka bwino, wogula akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Koma lamulo lokhala m'kabati ku Capital Hill silitseka buku ku Chinsapo. Amene amatseka buku ndi munthu wa pa kauntala.

Apa ndipo ndikufuna kulankhula ndi inu amene mwangotsiriza sukulu. Ambiri a inu ntchito yanu yoyamba idzakhala yotereyi: kulandira alendo, kukhala pa kabenchi ka Mpamba kapena Airtel Money, kulemba maina pa geti la ofesi. Malipiro ake ndi ochepa, koma chimene chaikidwa m'manja mwanu n'chachikulu. Mlendo akatha kulemba, tsekani buku ndi kuliika m'dirowa. Ngati lingatheke, mlendo aliyense alembe pa pepala lakelake kuti asaone za mnzake. Ngongole ilembeni pa kapepala ndi kumpatsa m'manja. Munthu akabwera kudzafunsa kuti uje wagona chipinda chiti, mukhazikeni pansi, inu mupite mukamfunse mlendoyo ngati akufuna kuonana naye. Limbikitsani bwana wanu kuti atsegule nambala ya bizinesi yolipirirapo, pakuti ndalama za nyumba zikamadutsa pa lamya yanu, tsiku la mlandu woyamba kugwidwa ndinu. Mabuku akale asagulitsidwe kwa okulunga zitumbuwa, atenthedwe. Pa zonsezi palibe chimene chifuna ndalama zoposa mtengo wa loko mmodzi.

Kwa alendo ndikuti, musachoke popanda lisiti ngakhale basi ikulira hutala. Uthenga wa pa lamya wotsimikiza kuti mwalipira musaufufute msanga. Chiphaso chanu chionetseni, koma funsani chifukwa ngati wina afuna kuchijambula ndi lamya yake. Khadi la ku banki lisachoke pamaso panu, ndipo nambala yachinsinsi isatuluke pakamwa panu, ngakhale wofunsayo atadzitcha bwana wa hotela kapena wa ku banki. Wina akakuimbirani za ngongole mutachoka kale, dulani lamya, muimbe nokha pa nambala imene iri pa lisiti.

Potsiriza, anzanga aphunzitsi, mlandu wina ndi wathu. Mtsikana wa pa kauntala uja ndidamphunzitsa kulemba kalata yofunsira ntchito, koma sindidamuuzepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti dzina la munthu ndi chinthu chosungidwa. Akadaphunzira kuti, poti ifenso timakhoma maina a ana osalipira fizi pa bolodi, ndi kutaya mafomu a makolo okhala ndi manambala a lamya kuseri kwa ofesi? Mwana amatengera zimene waona. Nditabwereranso kukamfotokozera zimene zidagwera mnzanga uja, adagwetsa nkhope nati, "Aphunzitsi, palibe adandiuzapo." Kuyambira tsiku limenelo buku la pa nyumba ija limakhala m'dirowa.

Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mame akamuka, inde, koma dzina latsala m'buku mwathu, ndipo mwini wake ali pa basi ya ku Mchinji kapena ku Kasungu, akukhulupirira kuti wasiya m'manja mwa anthu. Chaona mnzako chapita, maŵa chiri kwa iwe.

Sabata ya maŵa tidzakamba za wophunzira amene wapeza ntchito mu mzinda ndipo akufuna nyumba ya lendi yoyamba.