Kanema Asabise Mwini Mulandu wa ku Arnhem

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mau a makolo amenewa ayenera kukumbukiridwa ndi aliyense amene amawerenga mabuku kapena kuonera kanema wa nkhondo, makamaka nkhani ya mlatho wa ku Arnhem m'dziko la Netherlands.

Pa 17 Sepitembala, 1944, pa nthawi ya Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, mkulu wa asilikali a Britain, Bernard Montgomery, anayamba ntchito yolanda milatho ya m'dzikolo kuti magulu ake aoloke mtsinje wa Rhine ndi kulowa mu Germany. Asilikali pafupifupi 10,000 anatsitsidwa kuchokera m'ndege kufupi ndi Arnhem, koma anakapeza akasinja a adani akuwadikira. Gulu la John Frost linagwira mbali imodzi ya mlathowo kwa masiku pafupifupi anai popanda chithandizo. Patapita masiku asanu ndi anai, amene anaoloka mtsinje kubwerera kwa anzao anali pafupifupi 2,400 okha. Oposa 6,000 anagwidwa ukapolo, ndipo oposa 1,000 anataya miyoyo yao.

Kumeneku kunali kugonja koonekeratu. Koma kanema woyamba wa nkhaniyi, Theirs Is the Glory, amene anatuluka m'chaka cha 1946 ndipo anasewera ndi asilikali enieni amene anamenya nawo nkhondoyo, anaonetsa kulimba mtima kwao, osafunsa amene anawatuma ku imfa. Kulimba mtimako kunalipodi, ndipo palibe angakutsutse. Komabe kutamanda anyamata olimba mtima sikuyankha funso lakuti chinalakwika nchiyani.

Buku la Cornelius Ryan, A Bridge Too Far, la m'chaka cha 1974, ndi kanema wa Richard Attenborough wa dzina lomwelo wa m'chaka cha 1977, zinayesa kuyankha funsoli. Zinaulula kuti kazitape wa asilikali, Brian Urquhart, anachenjeza za akasinja aja nkhondo isanayambe, koma anauzidwa kuti watopa, akapumule. Zinaonetsanso mawayilesi amene sankagwira ntchito, ndi mseu umodzi wopapatiza umene chithandizo chonse chinayenera kudutsamo. Pa ichi olemba ndi ojambula ayenera kuyamikiridwa.

Koma ngakhale kanemayu anasiya mpata waukulu. Montgomery, mwini ganizo lonselo, saoneka m'chithunzicho ngakhale pang'ono. Katundu wa mulandu anasenzetsedwa mtsogoleri wa asilikali otsitsidwa kuchokera m'ndege pa ntchitoyo, Frederick Browning, mpaka mkazi wake wamasiye, mlembi Daphne du Maurier, anadandaula kwambiri. Montgomery yemweyo ndiye ananena kuti ntchitoyo inayenda bwino pa magawo 90 mwa magawo 100.

Amene analipira anali ena. Mtsogoleri wa asilikali a Poland, Stanisław Sosabowski, amene anakayikira ganizolo poyera, anamunamizira kuti ndiye analephera, nachotsedwa pa udindo mu Disembala, 1944. Nkhondo itatha anagwira ntchito m'fakitale ku London, ndipo dziko la Netherlands linamupatsa mendulo yaulemu m'chaka cha 2006, iye atamwalira kale. Anthu wamba a ku Arnhem anathamangitsidwa m'nyumba zao, ndipo njala imene inagwa m'dzikolo m'nyengo yozizira ya 1944 ndi 1945 inapha anthu pafupifupi 20,000. Kanema amatha mabanja akuchoka pa makomo pao, koma satsata kumene anapita. Njovu zikamenyana umavutika ndi udzu.

Choncho olemba mabuku ndi opanga kanema ali ndi udindo waukulu, pakuti achinyamata ambiri amaphunzira mbiri pa chinsalu cha kanema koposa m'kalasi. Nkhani ya kugonja ikasandutsidwa nyimbo yotamanda ngwazi zokha, phunziro lake limatayika. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kuzoloweza ana kufunsa mafunso atatu akatha kuonera: anakonza ntchitoyo ndani, anachenjeza ndani, ndipo anafa ndani. Msilikali amene anagwa pa mlatho wa ku Arnhem ayenera kulemekezedwa pomunenera zoona.