Tiyeni tiphunzitse “who” ndi “whose” poyambira m'Chichewa



M'makope a Chingerezi a ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 muli ziganizo zimene sizisowa chaka chilichonse. Mwana akauzidwa kuti afotokoze za munthu amene anamuthandizapo, amalemba kuti “The nurse who she helped me was kind.” Mnzake amalemba kuti “The driver whom I paid him drove away.” Wina amati “The tailor who his machine broke is my uncle.” Aphunzitsi amadula mzere wofiira, n'kulemba chiganizo cholondola pamwamba. Mwana amakopera bwinobwino, koma sabata yotsatira wabwerezanso zomwezo.

Ife sitiphunzitsa Chingerezi. Koma tinaphunzira nahau ku madrasa tisanapite ku koleji, ndipo tikaona ziganizo zimenezi timazizindikira msanga. Mwanayo akutsata malamulo enieni a galamala, kungoti ndi malamulo a Chichewa ndi Chiarabu amene wawatengera m'Chingerezi. Maganizo athu ndi oti cholembera chofiira pachokha sichingathetse vutoli, mpaka mwana ataonetsedwa kumene mawu owonjezerawo akuchokera.

Chingerezi chikafuna kufotokoza munthu potengera ntchito imene amagwirira anzake, chimatchula dzina, kenako “who”, kenako mneni: “A midwife is a woman who helps mothers to give birth.” “The man who repairs our borehole lives near the market.” Nthambi yoyamba ndi “who” imeneyi ndi imene m'phunziro la Chichewa timaitcha nthambi yamfotokozi. Lamulo lake lalikulu ndi loti “who” walowa kale m'malo mwa munthuyo, choncho munthuyo satchulidwanso kachiwiri m'nthambimo.

Tsono taonani Chichewa. Tikati “namwino amene anandithandiza”, namwinoyo watchulidwa kawiri: mu “amene”, komanso mu “a-” woyamba wa “anandithandiza”. Tikati “dalaivala amene ndinamulipira”, “mu” ali pakati pa mneniyo akubwerera kwa dalaivala. Tikati “telala amene makina ake awonongeka”, “ake” akubwerera kwa telala, ndipo mutamuchotsa chiganizocho chagwa. Mwana akamalemba “she”, “him” ndi “his”, akumasulira mokhulupirika tizidutswa timene khutu lake lazolowera kumva chibadwire.

Ana athu ambiri ali ndi chilankhulo chinanso chimene chikuwakokera mbali yomweyo. M'Chiarabu, “munthu amene ndinamuona” ndi “ar-rajul alladhi ra'aytuhu”. “Hu” wa kumapetoyo ndi mlowam'malo wobwerera, amene akatswiri a nahau amamutcha al-'aa'id, ndipo mwana wa ku madrasa amaphunzitsidwa kumufunafuna m'chiganizo. Ndiye taganizani: kunyumba amamva “mu”, ku madrasa amamva “hu”, m'kalasi akuuzidwa kuti “him” ndi wolakwika popanda wina womuuza chifukwa chake. Mphunzitsi atalemba ziganizo zitatuzo pa bolodi, cha Chichewa, cha Chiarabu ndi cha Chingerezi, n'kuzunguliza “mu” ndi “hu”, kenako n'kuloza malo opanda kanthu m'chiganizo cha Chingerezi, mwanayo angaone ndi maso ake chimene akuyenera kusiya. Zimenezi sizitenga mphindi khumi.

N'chimodzimodzinso “whose”. Mwana akauzidwa kuti liwu limodzi limeneli lameza mawu awiri, “amene” ndi “ake”, sadzavutikanso kulemba “The tailor whose machine broke down is my uncle.”

Pali cholakwa china chimene chimatiwawa kuposa zonsezi, chifukwa chimamveka ngati chipongwe: “the woman which cooks for us”. Mwanayo sakunyoza mayi amene amamuphikira. M'Chichewa “amene” amatumikira anthu ndi zinthu zomwe: mayi amene, galu amene, madzi amene, mabuku amene. Mawu athu amasintha potsata gulu la dzina, monga chimene, limene, zimene, pamene Chingerezi chimafunsa funso limodzi lokha: ndi munthu kapena si munthu? Ngati ndi munthu, “who”. Ngati ndi chinthu, “which”. Chiarabu chili ndi kusiyana kofanana nako pa “man” ndi “maa”, ndipo mwana amene anaphunzira zimenezi ali kale ndi pogwira. “That” amaloledwa mbali zonse ziwiri, ndipo ana ochenjera amathawira kumeneko, koma tiona posachedwa kuti pali malo amene iye safika.

Tikudziwa chimene anzathu ena anganene. Mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi. Choncho, iwo amati, mwana azimva Chingerezi chokhachokha kuti khutu lizolowere. Ife sitikutsutsa lamulo lolankhula Chingerezi pasukulu. Chilankhulo chimalowa m'kamwa pochigwiritsa ntchito, monga momwe kuwerenga kwabwino kumabwerera pobwereza pamaso pa mphunzitsi. Koma kuletsa Chichewa m'kamwa sikuchichotsa m'mutu. Chimapitiriza kugwira ntchito mwakachetechete, n'kumatulukira m'ziganizo zija. Kuli bwino tichiitane m'kalasi kwa mphindi zochepa, mwana aone pamene zilankhulozi zikusiyanirana.

Nkhani ina ndi ya zitsanzo. Mwana aliyense amadziwa kuloweza kuti “A pilot is a person who flies an aeroplane”, chikhalirecho ambiri sanafikepo ku Chileka kapena ku Lumbadzi. Chiganizo choloweza chotere sichimuphunzitsa kanthu, chifukwa liwu lakuti “pilot” lilipo kale ndipo nthambiyo ikungokongoletsa. Phindu lenileni la nthambi yamfotokozi limaoneka pamene liwu likusowa. Chingerezi cha m'mabuku chilibe liwu limodzi la wakabaza, koma mwana angathe kulemba “a man who carries passengers on his bicycle”, ndipo wowerenga wa ku London amva. Oitanira minibasi pa siteji, mayi ogulitsa zitumbuwa pa geti, anyamata a ganyu, alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi kukapereka katemera, adzukulu, amayi ndi abambo osambitsa maliro amene salipidwa ndi wina aliyense: onsewa mwana angawafotokoze m'Chingerezi chomveka ngati akudziwa kumanga “who” ndi mneni. Ndipo ambiri mwa anthu amenewa ndi makolo a ana athu omwewa, amene amalipira fizi ndi ndalama za kabaza ndi za usipa. Sitikuona chifukwa choti mwana athe zaka zinayi akulemba za oyendetsa ndege asanalembepo chiganizo chimodzi cholongosoka chonena za ntchito ya bambo ake.

Chichewa chimatithandizanso apa. Tili ndi njira yachidule: wosoka zovala, wokonza njinga, ophika, wometa. “Wo-” ameneyu ndi “someone who”. Mwana akazindikira zimenezi, mndandanda wonse wa ntchito za pa msika wamutsegukira.

Tsono za mpatuliro, kachizindikiro kamene ana amakamwaza m'chimangirizo ngati mchere. Taonani ziganizo ziwiri izi. “Nurses who insult patients should be punished.” “Nurses, who insult patients, should be punished.” Choyamba chikunena za anamwino okhawo amene amanyoza odwala. Chachiwiri chikunena kuti anamwino onse amanyoza odwala ndipo onse alangidwe. Timadontho tiwiri tanamizira anthu onse a ntchito imodzi, kuphatikizapo amene anachezera usiku wonse ndi wodwala wathu. Mwana amene mawa adzalembe kalata yodandaula ku ofesi, kapena lipoti kuntchito, ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa kunamizira munthu polemba ndi kunamizira ndithu, ngakhale wolembayo asakudziwa.

Lamulo lake ndi ili. Ngati nthambiyo ndi imene ikutiuza kuti tikunena munthu uti, mpatuliro sufunika: “The woman who sells fish at the gate is sick.” Ngati munthuyo akudziwika kale, ndipo nthambiyo ikungowonjezera nkhani, timaika mipatuliro: “My mother, who sells fish at the gate, is sick.” “Florence Nightingale, who nursed soldiers during the Crimean War, died in 1910.” Pamenepa ndi pamene “that” saloledwa. Ndipo “My brother who is a driver” akutanthauza kuti muli ndi achimwene angapo, pamene “My brother, who is a driver,” akutanthauza kuti alipo mmodzi yekha.

Za “whom” tisatayepo nthawi yambiri. Eni chilankhulo ambiri samutchula pocheza, ndipo amangoti “the doctor I saw”. Koma polemba, makamaka pambuyo pa “to” kapena “for”, akadali ndi malo ake: “the clerk to whom I gave the form”.

Pempho lathu kwa aphunzitsi a Chingerezi, a Chichewa ndi a Chiarabu ndi loti teremu ino akhale pansi limodzi, agwirizane sabata imodzi yophunzitsa mutu umenewu m'maphunziro onse atatu. Inu makolo, ngakhale amene simulankhula Chingerezi, mungathandize madzulo ano. Mutchulireni mwana anthu asanu amene akuthandizani sabata ino, kuyambira wa pa chigayo mpaka wokonza foni. Iye alembe chiganizo chimodzi cha Chichewa pa munthu aliyense, china cha Chingerezi pansi pake, ndipo Lolemba abwere nalo kopelo kusukulu.