Mano oikirira akayamba kugwedera

Ambiri a ife tikayamba kulandira kangachepe timathamangira zooneka ndi maso: malata a nyumba yakumudzi, foni ya amayi, fizi ya mng'ono wathu. Koma ndi angati amene tinawafunsapo makolo kuti, "Kodi mano anu oikirirawo akukukhalanibe bwino?" Funsoli ndi lochititsa manyazi, ndipo akuluakulu sangaliyambitse okha. Umangoona kuti paukwati akupewa nyama, chimanga chootcha anasiya kalekale, ndipo akamaseka dzanja lili pakamwa.

Azakhali anga avala mano oikirira kwa zaka zoposa 10. Chaka chatha anasiya kwaya ya amayi, ati ukalamba. Titacheza bwinobwino anaulula kuti mano a m'munsi ankasuntha akakweza mawu, ndiye ankaopa kuti tsiku lina adzagwa pamaso pa mpingo.

Chimene chimachitika n'chakuti dzino likazulidwa, fupa la nsagwada limene linkagwira muzu wake limayamba kuphwa. Limaphwa msanga m'chaka choyamba, kenako pang'onopang'ono moyo wonse, makamaka nsagwada ya m'munsi. Mano oikirira amakhalabe momwe anawaumbira, pomwe m'kamwamo mwasintha. Ndiye amayamba kugwedera, kutupula nkhama ndi kuyambitsa zilonda. Munthu amayamba kusankha zakudya zofewa zokhazokha, thupi n'kumatsika, ife n'kumati ndi zaka.

Njira zothandizira zilipo zingapo, ndipo si zonse zofuna ndalama zankhaninkhani.

Yotsika mtengo kwambiri ndi kukonzetsa mano omwe alipowo. Dokotala amawonjezera mkati mwake kuti agwirizane ndi nkhama momwe zilili pano, kapena amaumba ena atsopano. Kwa anthu ambiri izi zokha zimabwezeretsa kudya.

Ina ndi imene madokotala amaitcha bridge, kutanthauza mlatho. Imayenera munthu amene akusowa dzino limodzi, awiri kapena atatu motsatizana, koma mbali zonse ziwiri kuli mano olimba. Dokotala amapala mano a m'mbaliwo n'kuwaveka zisoti zimene zimanyamula mano ongopangawo pakati. Savulanso usiku, ndipo ntchito imatha m'masabata ochepa. Kuipa kwake n'koti mano abwinobwino amapalidwa ndipo sangabwererenso mwakale, komanso fupa la pagwerupo limapitirizabe kuphwa.

Kenako pali implant, dzina limene mwina mwaliona pa Facebook. Ndi kachitsulo ka titanium kooneka ngati sikulu, kamene amakalowetsa m'fupa kuti kagwire ntchito ya muzu. Dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ndi amene anapeza kuti fupa limamera n'kugwirana ndi titanium, ndipo anaika zitsulozi mwa munthu koyamba mu 1965. Kugwiranako kumatenga miyezi itatu mpaka 6, kenako amaikapo dzino pamwamba. Apa ndiye kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anthu ambiri akamva mtengo wa implant imodzi amachulukitsa ndi mano onse osowa n'kutaya mtima. Koma sikuti dzino lililonse limafuna chitsulo chakechake. Munthu amene alibiretu mano a m'munsi angathe kuikidwa ma implant awiri okha kutsogolo kwa nsagwada, mano oikirira n'kumamangirira pamenepo ngati batani. Amavulabe potsuka, koma pakudya ndi poyankhula sasuntha. Mu 2002 akatswiri a mano anakumana pa yunivesite ya McGill ku Montreal, ku Canada, n'kugwirizana kuti imeneyi izikhala njira yoyamba kuiganizira kwa munthu wopanda mano m'munsi. Kwa banja losonkherana ndalama pa gulu la WhatsApp, apa m'pamene pali chiyembekezo chenicheni.

Komabe implant si ya aliyense. Fupa likaphwa kwambiri pamafunika kuliwonjezera kaye, ndipo mtengo umakwera. Matenda a shuga osasamalidwa bwino amachedwetsa kupola. Fodya amachititsa kuti chitsulo chikanike kugwira. Nkhama zozungulira implant zikapanda kutsukidwa zimadwala mpaka chitsulocho kuyamba kugwedera. N'chifukwa chake dokotala weniweni sangakuuzeni mtengo womaliza asanaone m'kamwa, asanajambule nsagwada pa X-ray ndiponso asanafunse za mankhwala amene wodwala akumwa.

Chimandidetsa nkhawa ndi malonda a pa intaneti olonjeza mano atsopano m'sabata imodzi ku Turkey kapena ku India. Kumeneko madokotala odziwa ntchito aliko, sindikukana. Koma werengani ndalama zonse: ndege, malo ogona, woperekeza, ndipo nthawi zambiri ulendo wachiwiri fupa likagwira. Kenako dzifunseni kuti sikulu ikadzamasuka patapita zaka ziwiri, adzaimanga ndani? Ma implant amapangidwa ndi makampani osiyanasiyana, ndipo zida za kampani ina sizilowa pa ya inzake. Chotchipa lero chimatha kudzakhala chodula mawa.

Kuno kwathu madokotala a mano ndi ochepa, ngakhale kuti mu 2019 College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa KUHeS, inayamba kuphunzitsa digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Choncho kulikonse kumene mungapite, funsani mosachita manyazi. Kodi dokotalayo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi? Ntchito imeneyi waichitapo kangati? Mtengo umene watchulawo ukuphatikiza dzino lapamwamba ndi maulendo obwereza, kapena ndi wa chitsulo chokha? Dzina la kampani yopanga implant alilembe papepala, musunge.

Ndipo musanatumize ndalama iliyonse, afunseni eniake chimene akufuna. Ena amaopa opaleshoni ndipo angakondwe ndi mano oikirira atsopano okhala bwino. Ena akungofuna kutafunanso mtedza. Azakhali anga anasankha kuumbitsa atsopano, za ma implant awiri aja ati tidzakambirane akakolola. Poyambira pake ndi ulendo umodzi wokha wokaonetsa m'kamwa, ndipo umenewo ambiri a ife tingaukwanitse mwezi uno.