Mpopi wa ku Phalombe umadalira mtengo wa m'phiri

Mipopi yambiri ya m'midzi ya ku Phalombe siyendera injini. Kuyambira zaka za m'ma 1970, madzi amatengedwa m'mitsinje ya m'phiri la Mulanje n'kumatsetsereka okha m'mapaipi mpaka kuchigwa. N'chifukwa chake nkhwangwa ikalira kumtunda, amayi kumunsi amadziwira pampopi: mu Okutobala madzi amangodontha, ndowa zitandandalikidwa kuyambira mbandakucha, ndipo dzinja likafika amatuluka ofiira ndi matope.

Malamulo alipo. Nkhalango ya phirili ndi yotetezedwa kuyambira 1927. Lamulo la madzi la 2013 limalola munthu kutunga akumwa ndi ophikira, koma wopatutsa mtsinje kuti azithirira munda waukulu ayenera kutenga chilolezo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 linabwera kudzawonjezera mphamvu.

Amene akufuna kuti boma likhwimitse dzanja sakulankhula zopanda mutu. Amakumbukira Napolo wa mu Malichi 1991, pamene miyala ndi matope zochokera m'phiri la Michesi zinapha anthu mazanamazana, ndiponso namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Mitengo yokha sikanaletsa mvula yoopsa ngati imeneyo, komabe phiri lometedwa limagumuka msanga. Dothi lokokoloka limakathera m'nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1995.

Koma pitani m'mbali mwa mtsinje wa Phalombe. Mayi amene munda wake unakwiririka ndi mchenga watsala ndi kadimba ka tomato ndi mpiru pagombe penipeni. Mukamuuza kuti lamulo silifuna khasu pamenepo, adzakufunsani kuti, "Nanga ana adya chiyani?" Funsoli si lamwano. Malo ndi ochepa, anthu achuluka. Chowawa kwambiri n'chakuti pa nkhani yodula mitengo, wogwidwa kawirikawiri ndi mnyamata wa thumba limodzi la makala panjinga, pamene amene amamutuma ndi kumugula ali phee m'tauni.

Ine sindikuvomereza zofewetsa lamulo, chifukwa gombe likagumuka kadimba komweko kamapita. Chimene chikufunika n'chakuti mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene amatolera kale ndalama pamipopi, udindo wawo usathere pa kukonza mapaipi. Apatsidwe mphamvu, pamodzi ndi mafumu, yolondera magwero a madzi, ndipo gawo la ndalamazo lizilipira alonda ndi odzala mitengo ochokera m'midzi yomweyo. Wochotsedwa pagombe ayambe wasonyezedwa polima pena pofika madzi othirira, kenaka ndiye auzidwe za chindapusa.