Wogula pamwamba amagulanso nsanamira zapansi

Otsatsa nyumba ku Miami amadziwa pomugwirira munthu. Amamukweza chikepe mpaka pansanjika yomaliza, n'kumutulutsira pakhonde kuti aone nyanja ya Atlantic itangoti ndee mpaka polekezera maso. Imeneyo ndiye penthouse, fulati ya pamwamba penipeni, yotakasuka kuposa zonse, yopanda mnansi wogogoda zidendene padenga usiku.

Ndipo anthu amapisadi m'thumba. Mu 2015 mpondamatiki Ken Griffin adagula mafulati awiri apamwamba pa Faena House ku Miami Beach pamtengo wa $60 miliyoni. Patapita zaka zingapo adawagulitsa motsikirapo, koma iye zotere sizimusowetsa tulo.

Amene ayenera kusowa tulo ndi wogula amene wathira ndalama zake zonse za penshoni m'nyumba yoteroyo asadatsikeko pansi, koimika magalimoto, kukaona nsanamira.

M'nyumba zosanjikizana za mtunduwu munthu amagula zipinda zake zokha. Denga, maziko, chikepe ndi dziwe losambiramo ndi za onse, ndipo zimayang'aniridwa ndi komiti yomwe eni mafulati amasankha pakati pawo. Mwezi ndi mwezi aliyense amasonkha. Pakagwa ntchito yaikulu amasonkhanso mwapadera, ndipo kawirikawiri wa fulati yaikulu ndiye amasenza gawo lalikulu. Amene adakhalapo m'komiti ya mjigo kumudzi akuzidziwa izi: potunga madzi mzere ndi wautali, koma tsiku losonkhera zokonzera aliyense ali ndi maliro kwawo.

Tsono m'mbali mwa nyanja yamchere ntchito yokonza siitha. Mphepo imanyamula mchere, mcherewo umalowerera m'konkire pang'onopang'ono mpaka kukafika pazitsulo za m'kati. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, n'kung'amba konkire kuchokera m'kati. Kunja penti ili waliwali.

Ku Surfside, katauni kakang'ono kumpoto kwa Miami Beach, kudali nyumba yotchedwa Champlain Towers South. Idamalizidwa mu 1981 pamsewu wa Collins Avenue, ya nsanjika 12 ndi penthouse pamwamba, mafulati 136, mchenga wa kunyanja uli pakhomo pomwepo. Mu Okutobala 2018 injiniya Frank Morabito adalemba lipoti loti konkire ya pansi pa bwalo la dziwe losambiramo idawonongeka kwambiri. Omanga adasalaza bwalolo mopanda kupendeketsa, ndiye madzi ankangodikha m'malo moyenda. Nsanamira za koimika magalimoto nazo zidali ndi ming'alu. Ntchito yonse adaiyerekeza pa $9 miliyoni ndi kanthu.

Apa ndiye padayambira kukokanakokana. Ena ankati mtengo wakwera dala, ena ankati adikire kaye. Mu 2019 mamembala asanu mwa asanu ndi awiri a komiti adatula pansi udindo. Dzimbiri lokha ndilo silidapume, moti pofika Epulo 2021 ndalama zofunika kusonkha zidali zitafika $15 miliyoni. Wa fulati ya chipinda chogona chimodzi adauzidwa kuti apereke pafupifupi $80,000. Wa penthouse ya zipinda zinayi, $336,000.

Pa 24 Juni 2021, nthawi itangopitirira 1 koloko usiku, mbali yaikulu ya nyumbayo idagwa m'kamphindi. Anthu 98 adafa, ambiri ali m'tulo.

Kunena chilungamo, mlandu wonse sungagwere komiti kapena eni mafulati. Bungwe la boma la America lofufuza za ngoziyi, NIST, lidapeza kuti bwalo la dziwe lija lidali lofooka kuyambira pa pulani ndi kamangidwe kake, ndipo zizindikiro zikuloza kuti kugwa kudayambira kumeneko. Komabe lipoti la 2018 lidalipo, lolembedwa bwinobwino, ndipo mafulati ankagulidwabe ndi kugulitsidwa m'nyumbamo mpaka miyezi yomaliza. Funso n'lakuti mwa ogulawo ndi angati adapempha kuona lipotilo, kapena maminitsi a misonkhano ya komiti, kapena buku losonyeza ndalama zomwe zili m'thumba lokonzera. Mapepala amenewa sakoma kuwerenga. Wotsatsa nyumba sayamba yekha kuwatulutsa, poti iye amadya pokhapokha nyumba yagulidwa.

Boma la Florida, chigawo chomwe kuli Miami ndi Surfside, lidadzidzimuka. Mu Meyi 2022 bwanamkubwa Ron DeSantis adasayina lamulo loti nyumba zotere za nsanjika zitatu kapena kuposerapo ziziunikidwa ndi akatswiri zikakwanitsa zaka 30, kenako zaka 10 zilizonse. Lamulolo lidatsekanso khomo lomwe makomiti ambiri ankathawirapo, lovotera kuti chaka chino asasunge ndalama zokonzera. Kale eni mafulati ankangokweza manja pamsonkhano, nkhani n'kuthera pomwepo, ngongole n'kusiyira wodzagula mawa.

Mawa lake ndi lino. M'nyumba zakale za m'mphepete mwa nyanja zosonkha zakwera, inshulansi nayo yakwera chifukwa cha anamondwe, ndipo okalamba ambiri amene adagula kuti adzapumireko akuika mafulati awo pamsika. Wofuna penthouse lero akaona mtengo wotsika modabwitsa m'nyumba ya m'ma 1980, azifunsa kaye kuti kalata ya injiniya ikuti chiyani.

Nanga malo a Champlain aja? Abale a omwalira ndi opulumuka adagwirizana ndi makampani a inshulansi ndi ena okhudzidwa za chipukuta misozi choposa $1 biliyoni. Malowo adagulidwa mu 2022 ndi kampani ya ku Dubai yotchedwa Damac pa $120 miliyoni, ndipo pulani yake ndi yomangapo nyumba ina ya mafulati a anthu olemera, ya nsanjika 12.