Ukasiya mlomo ukutsata

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Phazi mvula imafufuta, koma mawu amakhala m'makutu mwa amene adawamva, ndipo tsiku lina amadzamupeza mwini wake. Akhristu ambiri amene akulimbana ndi chizolowezi cha kutukwana ndi kutchula dzina la Mulungu pachabe akuudziwa bwino mwambiwu, chifukwa mlomo wawo wa mkati mwa sabata umawatsata mpaka pakhomo la tchalitchi.

Mu msika wa kaunjika zimaoneka poyera. Wogulitsa akaona kuti kasitomala akunenerera kwambiri, amanyambita chala, n'kuchidutsitsa pakhosi, n'kuloza kumwamba: "Pali Mulungu, mayi, ndaoda pa mtengo womwewu." Mayiyo akangotembenuka, malaya omwewo amagulitsidwa motsika kwa wina. Munthu ameneyu sadatukwane aliyense, ndipo Lamulungu aimba nawo kwaya ndi mtima woyera. Koma wamuika Chauta kukhala mboni ya bodza la makwacha ochepa.

Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Amayesa kuti nkhani yonse ndi mawu olaula a kondakitala wa minibasi kapena a ochemerera mpira, pomwe lamulo la pa Eksodo 20:7, limene Akatolika amaliwerenga lachiwiri ndipo mipingo ngati CCAP imati lachitatu, likunena za dzina la Mulungu lenilenilo. Levitiko 19:12 amaletsa kulumbira monama m'dzinalo. Pa Mateyu 5:33-37 Yesu adapitirira pamenepo, kuuza omutsatira kuti kuvomera kwawo ndi kukana kwawo kukwanire popanda lumbiro. Kutukwana nakonso n'koletsedwa, pa Aefeso 4:29, koma bodza lovekedwa dzina la Mulungu ndi lolemera kuposa.

Maboma adayesapo kuthetsa vutoli ndi chindapusa. Ku England mu 1606, wosewera zisudzo akatchula dzina la Mulungu mwachipongwe pabwalo ankalipira mapaundi 10. M'zaka za m'ma 1740 kudabwera lamulo lina: waganyu, msilikali wamba kapena wogwira ntchito m'sitima yapamadzi akatukwana ankalipira shiling'i 1, pomwe munthu wapamwamba ankalipira 5. Ku America, George Washington adalembera asilikali ake pa 3 August 1776 kuwadzudzula chifukwa cha matemberero. Ku Netherlands, bungwe la Bond tegen het vloeken lidayamba mu 1917 ndipo lakhala likupachika zikwangwani m'masiteshoni a sitima. Zonsezi zidachitika, koma lilime silidagonje. Wapolisi sangamve zonse zotuluka pakamwa pa munthu.

Amene adafika pafupi ndi mankhwala ake ndi mlaliki John Chrysostom. Mu 387, anthu a mumzinda wa Antioch adakwiya ndi msonkho n'kugwetsa mafano a mfumu Theodosius ndi a banja lake, ndipo mzinda wonse udagwidwa ndi mantha podikira chilango. M'nyengo ya Lenti ya chaka chimenecho Chrysostom adalalikira motsatizana, ndipo chodabwitsa n'chakuti pakati pa mantha onsewo ankabwererabe pa nkhani ya kulumbira. Ankaona kuti anthu ake salumbira chifukwa chodana ndi Mulungu ayi, koma chifukwa lilime lidazolowera kuthamanga mutu usanaganize. Choncho adawapatsa njira ya m'nyumba: apemphe a m'banja ndi anzawo kuti aziwakumbutsa, ndipo wolumbira, ngakhale akhale mwini nyumba yemweyo, agone osadya. N'kutheka kuti ena lero angati chilangocho n'chankhanza, makamaka kwa ana, ndipo sangalakwe. Koma nzeru yake ikadali yamoyo: mutu umodzi susenza denga. Munthu wozolowera kutukwana sadzimva yekha, amafunika khutu la mnzake.

Ena amati kutukwana kumapepusa mtima. Pali choona pang'ono. Mu 2009, Richard Stephens ndi anzake a pa yunivesite ya Keele adapeza kuti anthu oviika dzanja m'madzi ozizira kwambiri ankapirira nthawi yotalikirapo akamatukwana. Koma kafukufuku wawo wotsatira, mu 2011, adaonetsa kuti kwa amene amatukwana tsiku ndi tsiku thandizolo limachepa. Ngakhale pa mlingo wa sayansi, wotukwana kosalekeza sapindula kwambiri.

Chimene chiyenera kudetsa nkhawa mipingo kwambiri ndi kutchula dzina pachabe kumene kumavala suti. Mlaliki wonena kuti "Mulungu wandiuza" pofuna kuti nkhosa zipereke ndalama, wandale wogwira Baibulo polumbira kenako n'kuba za boma, mboni yonama m'khothi: onsewa athyola lamulo lomwelo, ngakhale pakamwa pawo sipadatulukepo mawu olaula. N'zomvetsa chisoni kuona mnyamata akuimitsidwa kumpingo chifukwa cha liwu limodzi loipa, pomwe wamalonda wolumbira monama akukhala pa mpando wakutsogolo.

Akhristu a gulu la Quaker adasonyeza kuti njira ina ilipo. Ankakana kulumbira kulikonse, ndipo mtsogoleri wawo George Fox adatsekeredwa m'ndende mu 1664 chifukwa cha zimenezi. Pofika m'zaka za m'ma 1690, nyumba ya malamulo ya England idawalola kungotsimikiza kuti anena zoona popanda lumbiro. Amalonda awo adatchuka ndi mtengo umodzi wosanenerera, moti anthu ankawakhulupirira popanda kuwamva akutchula Mulungu.

Ntchitoyi iyambire pakhomo, chifukwa make mbuu, mwana mbuu. Mwana amene amakuwa "Yesu!" mbale ikagwa adamva mawuwo kwa wamkulu, ndipo womumenya mbama nthawi zambiri ndi mphunzitsi wake yemweyo. Makolo, akulu a mpingo ndi atsogoleri a miphakati alole kuti ana awo ndi akhristu anzawo aziwadzudzula akalumbira kapena kutukwana, ndipo akadzudzulidwa asakwiye.