Mphindi zisanu, K50?

Tinaimika motoka pabwalo la shopu ina m'tauni ya Chipata kuti tigule chabe mankhwala a mwana. Mphindi zisanu sizinakwane. Potuluka, mlonda watseka geti: K50, apo ayi motoka sichoka. Chikwangwani cha mtengo palibe, risiti palibe.

Malo ndi anu abwana, sitikana. Mlonda sitimuda, ndi wotumidwa. Koma mtengo wouzidwa potuluka ndi msampha. Ulembeni pageti, tisankhe tokha kulowa kapena kupitirira.

Anzathu, tisamalipire mwamantha. Funsani pomwe mtengo unalembedwa, jambulani geti pafoni, itanitsani risiti, dandaulo mukatule ku CCPC, bungwe loteteza ogula. Tikakhala chete, mawa adzalipiritsa ndi anyamata a njinga a ku Kapata.